Chaka Chimene Ndinkachonga Mawu a Mthandizi wa M'foni

Chaka chimene ndinapuma pantchito ya uphunzitsi, chimene chinkandivuta chinali masana. M'mawa ndinkadziwa chochita: kutsekulira nkhuku, kuthirira kadimba kathu kumunsi kwa nyumba, kumvera nkhani pa wailesi. Koma dzuwa likangofika pamutu ndinkasowa pogwira. Ndinkakhala pakhonde kuyang'ana anthu akutsetsereka kupita kumsika wa pa Dowa Boma, kenako kuyang'ananso omwewo akukwera chitunda pobwerera. Mkazi wanga, amene amasoka zovala pabalaza, anandipirira kwa miyezi ingapo. Kenako anayamba kundituma kukagula ulusi umene unalimo kale m'nyumba.

Mphwanga anabwera mu Juni, nthawi imene nkhungu imagona m'mapiri athu mpaka dzuwa litakwera. Ndi mwana wamkazi wa mlongo wanga wa ku Msakambewa, ndipo anakulira pakhomo pathu chifukwa kwawoko sukulu inali kutali. Pa nthawiyo n'kuti akugwira ntchito ku Lilongwe, pa kakampani ka achinyamata opanga mapulogalamu a pa foni. Atamwa tiyi anakankhira pambali nsalu zimene zinali pa tebulo, n'kutulutsa laputopu m'chikwama.

"Malume, ndakupezerani ntchito."

"Ntchito yanji, munthu woti boma landiuza kale kuti ndakalamba?"

"Yochonga. Si inu munkachonga makope athu mpaka tsamba lonse kufiira?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, monga mmene ndinkamufotokozera iye masamu ali mwana. Kampani yawo inapanga mthandizi wa alimi wokhala m'foni, wa nzeru zochita kupanga zija achinyamata amangoti AI. Mlimi amamulembera kapena kumulankhula m'Chichewa, iye n'kuyankha. Kucheza amatha ndithu, koma payekha sangadziwe ngati mawa kugwa mvula ku Ntchisi, kapena mtengo wa soya lero pa Mponela. Choncho anamupatsa zimene iwo ankazitcha zida. Sizinali zogwira ndi manja ayi, anali mapulogalamu ang'onoang'ono, lililonse mwa iwo ndi ntchito yake. Chida china chinkakatenga za nyengo, china mitengo ya m'misika, china chinkafufuza m'mabuku a ulangizi. Panalinso chotumizira uthenga kwa mlangizi weniweni, munthu wa miyendo iwiri.

"Tsono vuto lili apa, malume. Iyeyu zidazi saziona, m'kati mwake sadziwamo. Chimene amaona ndi timizere timene tinalemba pa chida chilichonse, kunena ntchito yake. Akawerenga timizereto ndi pamene amasankha choti atole. Tikalemba mokhota amatola cholakwika, ndipo amachitola mosakayika n'komwe."

"Ndiye ndizimuchonga iyeyo?"

"Iyayi, iye musiyeni. Muzichonga ife. Muziona ngati mawu athuwo akumutsogolera bwino."

Apa ndinamvetsa msanga, chifukwa zotere ndinakumana nazo m'kalasi. Ana onse akalephera funso limodzi, mphunzitsi amayamba wabwerera kukawerenga funsolo asanakalipire aliyense. Ndinavomera tsiku lomwelo. Anandisiyira foni yokonzedwa mwapadera, yoti mthandizi akayankha inkaonetsanso m'munsi chida chimene watola ndi mawu amene anawerenga pochisankha.

Masiku oyamba zonse zinkayenda myaa. Ndinkakhala pa tebulo nditavala magalasi, n'kumafunsa ngati mayeso. Kodi nyengo ikhala yotani mawa ku Dowa? Iye n'kutola chida cha nyengo. Kodi mtengo wa mtedza pa msika wa Mponela ndi wotani? N'kutola cha mitengo. Ndinkangochonga, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina mphwangayo wangondipatsa chosewera kuti ndisamasungulumwe.

Amene anasokoneza anali mkazi wanga. Anali ataviika mphale, ndipo kumwamba kunali kotuwa kuyambira dzulo lake. Anasiya kusoka n'kunena kuti, "Tabweretsani kuno chinthu chanucho." Anaiyandikiza foniyo kukamwa ngati akulankhula ndi munthu wosamva bwino.

"Kodi ndivuule mphale yanga mawa, iuma?"

Mthandizi anayankha mwaulemu, komanso motalika. Anamuphunzitsa kuyanika pa mphasa yoyera, kutembenuza pafupipafupi, ndi kupewa chuku. Za mawa sananene kanthu.

"Ine ndafunsa ngati mawa kuwala dzuwa," anatero mkazi wanga akundibwezera foni. "Za mphasa ndinaphunzira kwa amayi anga."

Ndinayang'ana m'munsi muja, n'kupeza kuti watola chida cha mabuku a ulangizi. Ndinatsegula mawu a chida cha nyengo. Anali m'Chingerezi, mzere umodzi wokha, wonena kuti chidacho chimapereka za nyengo za dera limene latchulidwa. Bodza munalibemo. Koma mkazi wanga sanatchule nyengo, sanatchule dera, ndipo kwathu kuno palibe munthu amene amadzuka n'kufunsa kuti nyengo ikhala yotani. Timafunsa ngati tingayanike, ngati tingafolere nyumba, ngati tithire feteleza lero kapena akokoloka.

Ndinamuimbira mphwanga n'kumuuza zonse. "Eya, malume, ntchito mwaiyamba lero," anatero. "Talembani mmene inu mukanafotokozera."

Ndinalemba tsamba lathunthu. Zaka zonse zija zophunzitsa chimangirizo zinatulukira pamenepo, chiyambi, thunthu, mpaka mathero. Ndinatchula ntchito iliyonse ya pamudzi imene imadalira dzuwa kapena mvula, ndipo ndinatsindika kuti chida chimenechi n'chofunika kwambiri pa moyo wa mlimi. Mphwanga analowetsa mawu angawo osasintha ngakhale limodzi, n'kundiuza kuti ndiyesenso. Funso la mphale linayenda bwino. Koma nditafunsa mtengo wa soya, mthandizi anayamba wakaona za nyengo. Nditafunsa mankhwala a nkhupakupa za ng'ombe, anandiuza mankhwalawo n'kuonjezera kuti mawa kudzakhala mitambo.

Mphwanga anaseka pa foni mpaka kutsokomola. "Mwamuopseza, malume. Mwamuuza kuti n'chofunika kwambiri, ndiye akuopa kuchisiya."

Tsambalo tinalidula tili pa foni pomwepo, iye akuchotsa ine ndikukana, mpaka panatsala mizere yochepa. Inkanena chimene chidacho chimabweretsa, nthawi yochitola ngakhale munthu asanatchule mvula, ndi nthawi yochisiya. Mbali yomalizayi ine sindinaiganizepo n'komwe. Ndinazolowera kuuza ana choti achite. Choti asachite ankachiona pankhope panga. Mthandiziyu nkhope yanga sankaiona.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kupereka malikisi poyang'ana kukoma kwa Chingerezi. Panali mawu ena a chida cha mitengo, olembedwa ndi mnzake wa mphwanga, amene galamala yake inkandiyabwa m'maso. Ndikanakhala m'kalasi ndikanawazunguliza ndi cholembera chofiira. Koma munthu amene anawalemba anaika zitsanzo ziwiri za mmene mlimi angafunsire, ndipo mthandizi ankawamva bwino kuposa ena onse osalala. Ndinawasiya momwemo.

Tinagwirizananso kuti mafunso ndisamapeke ndekha. Ndinayamba kuyendera makalabu awiri a alimi amene ankayesa mthandiziyo, ina ku Msakambewa, ina m'mapiri a Ntchisi. Popita ku Ntchisi ndinkadzera pa Mponela, n'kukakumana pa boma ndi mlangizi wa deralo, mayi wosalankhulalankhula, amene ankanditenga pa njinga yake yamoto. Misewu ya kumeneko imakwera ndi kutsika osapuma. Ine ndinkagwira chitsulo cha kumbuyo mpaka zala kuuma, iye akungoyankha moni wa anthu m'njira.

Ulendo woyamba womwewo anandiuza dandaulo lake tikutsika chigwa china, osatembenuka.

"Aphunzitsi, mukawauze a ku Lilongwewo kuti foni yanga sikupuma. Munthu akafunsa kutalikirana kwa mizere ya soya, uthenga kwa ine. Akafunsa mwezi wofesa nazale ya fodya, uthenga kwa ine. Tsiku lina ng'ombe idzafa ine ndikuyankha za mizere."

Titafika ndinatsegula mawu a chida chotumizira uthenga. Ankati chigwiritsidwe ntchito mlimi akakhala ndi vuto la ulimi. Mawu a chida cha mabuku nawonso ankanena pafupifupi zomwezo. Zida ziwiri zitavala malaya ofanana, mthandizi ankangotola chimene chayandikira. Ine ndi mlangizi tinakhala pa mwala, iye n'kunditchulira zimene zimafunikadi maso a munthu: chiweto chodwala, matenda ofalikira m'minda yambiri nthawi imodzi, mbewu yogulidwa imene sinamere. Zina zonse anati mabuku akwanira. Ndinatumiza momwemo, ndipo ulendo wotsatira anandilandira ndi nzimbe.

Ntchito yanga yaikulu kumidziko inali kumvetsera. Tinkakhala pansi pa mtengo, alimi n'kumalankhula ndi mthandizi, wina pa foni yake, wina pa ya mnzake, ine ndikutsatira mmene afunsira ndi chida chimene chatoledwa. Munthu akati, "Soya ali bwanji?" mwina akufunsa mtengo, mwina akudandaula za m'munda. Mayi wina wa kufupi ndi boma la Ntchisi anauzidwa mitengo ya pa Mponela, chifukwa palibe pamene panalembedwa kuti msika ukapanda kutchulidwa mthandizi ayambe wafunsa. Zoterezi ndinkazitumiza ku Lilongwe, iwo n'kukonza, ine n'kuyesanso. Zina zinkakonzeka msanga. Zina ukakonza uku zinkaphwasuka kwina, ndiye n'kubwereranso.

Nyengo yotonola chimanga itafika, kampani inaonjezera chida china. Kalabu ya ku Ntchisi inali ndi makina otonolera amene ankayenda pa ngolo kuchoka khomo ili kupita khomo lina, ndipo chaka chilichonse anthu ankakangana kuti ayambe ndani. Chida chatsopanocho chinali cha ndondomeko ya makinawo. Kwa milungu ingapo palibe anadandaula nacho, chifukwa aliyense amene ankafunsa za makina ankawafunadi.

M'kalabumo munali bambo wina wachikulire amene pa misonkhano ankakhala kumapeto, osalankhula kwambiri. Nyumba yawo inali payokha pamwamba pa chitunda, kothera kanjira ka miyala. Akazi awo anamwalira m'dzinja la chaka chomwecho, ana onse anali kutauni, ndipo mmodzi mwa anawo ndiye anawasiyira foni. Anzawo atamaliza kukolola, chimanga chawo chinali chidakali m'munda, m'mikukwe. Ankakolola okha, dengu m'mawa, dengu madzulo, ndipo akafunsidwa ankati palibe chothamangira.

Lachisanu lina mu Ogasiti, ine ndi mlangizi tikupita ku msonkhano wa kalabu, tinamva mawu okalipa pamwamba pa chitunda chija. Mlangizi anakhotetsa njinga n'kukwera. Pabwalo la achikulirewo tinapeza ngolo, ng'ombe zikupuma wefuwefu, thovu lili kukamwa, ndipo m'ngolomo munali makina otonolera. Amuna awiri oyendetsa makinawo anali atakwiya. Achikulire anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mwatikweza phiri lonseli," ankatero mmodzi wa amunawo, "ng'ombe zatsala pang'ono kuthyoka miyendo, kuti tidzapeze chimanga chili m'munda?"

"Ine sindinakuitaneni, ana anga."

"Uthenga ulipo apa. Dzina lanu, Lachisanu, m'mawa. Mayi wina kutsidyaku tamukaniza chifukwa cha inu."

Mlangizi anapempha foni ya achikulire, ndipo tinayang'anira limodzi. Masiku angapo m'mbuyomo achikulirewo anafunsa mthandizi kuti, "Kodi makina otonolera aja ali ndi mpata Lachisanu?" Mthandizi anayankha kuti inde, mpata ulipo, ndipo zonse zakonzedwa.

"Ndinangofuna kudziwa," anatero achikulire. "Ndimati ndione ngati anthu achepa, ndiyerekeze kuti ineyo ndingamalize liti. Pamene anati zakonzedwa, ndinayesa ndi kalankhulidwe kake chabe."

Ndinatsegula pa foni yanga mawu a chida chatsopano chija. Ankangonena kuti chimasamalira ndondomeko ya makina otonolera a kalabu. Mawu akuti kusamalira ndi otambalala ngati chitenje, amafunda kuona, kulemba, ngakhale kufufuta. Chidacho pachokha sichinkangoona ayi. Chikangotoledwa chinkalemba dzina la wofunsayo pa tsiku latchulidwalo, n'kutumiza uthenga kwa amuna a ngolo. Mthandizi zimenezi sanauzidwe. Analibenso chida china chongoyang'anira, choncho anatola chimene chinalipo.

Mlangizi sanataye nthawi ndi mkanganowo. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana kumunda, n'kunena kuti kutsitsa ngolo chabe n'kudzaikwezanso tsiku lina ndiko kuzunza ziweto. Anatsika ndi njinga kukatenga anthu a kalabu amene ankatidikira pansi pa mtengo. Posakhalitsa anayamba kutulukira m'kanjira ka miyala kaja, amayi ndi madengu, abambo ndi matumba. Msonkhano wa tsiku limenelo unachitikira m'munda.

Inenso ndinavula jekete n'kulipachika pa mkukwe. Ndinali nditaiwala mmene makoko ouma amachekera zala. Mayi wina anandibwereka kamtengo kosongoka kong'ambira makoko, uku akuuza anzake kuti aphunzitsi akukolola ngati akusenda nthochi. Mphepo ya Ogasiti inkaomba kuchokera kuchigwa, ikuulutsa masamba ouma, ndipo ukaweramuka unkaona midzi ya kutali ili mbuu m'fumbi. Pofika masana makina anayamba kulira pabwalo. Zitsononkho zinaunjikana mulu, chimanga chikuyoyokera m'matumba, ndipo amuna a ngolo aja ankathira uku akuimba, mkwiyo utawathera.

Amene sanasangalale anali mwini munda. Ankayenda uku ndi uku, kulowa m'nyumba, kutuluka, manja ali kumbuyo. Nditapita kukamwa madzi anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Aphunzitsi, anthu onsewa andigwirira ntchito, ine ndilibe ngakhale thobwa. Akanakhalapo amayi akunyumba akanakonza dzana. Munthu saitana anzake kumunda chimanjamanja."

"Simunawaitane, achikulire. Abwera okha."

"N'chimodzimodzi. Adya fumbi pakhomo panga."

Ndinabwerera kumunda. Achikulire anakafukula mbatata zimene anasunga m'dzenje kuseri kwa nyumba, amayi awiri n'kuphika, ndipo anthu anadya akuseka. Koma iwo sanakhale pansi mpaka munthu womaliza atatsika. Ndikutsika nawo chitundacho ndinkaganiza kuti zinthu zikhoza kutha bwino, matumba n'kudzaza, koma munthu n'kutsala ndi manyazi amene sanawapemphe.

Mphwanga anabwera Loweruka la sabata yotsatira. Nkhani inali itamufika kale, ndipo ndinaona polowa pomwe kuti wabwera wokonzeka kudziteteza. Mawu a chida chimenecho analemba ndi iye mwini.

"Koma malume, si abodza. Chidacho chimasamaliradi ndondomeko. Anzanga akuti yankho linanena poyera kuti zakonzedwa, mkuluyo akanafunsa."

"Akanafunsa chiyani, munthu sakudziwa kuti pali chofunsa? Ine ndikakufunsa ngati minibasi ya ku Lilongwe ili ndi malo, sindiye kuti undikwezemo."

Mphwanga anazunguza kapu pa tebulo. Mkazi wanga anapitiriza kusoka ngati sakumva, koma makina ake ankayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi masiku onse.

"Zida zina zija zikalakwika," ndinapitiriza, "munthu amangomva zosathandiza, n'kuseka, n'kufunsanso. Ichi chimadzutsa anthu m'mamawa, chimamanga ng'ombe pa goli. Mawu ake ayenera kunena zimenezo."

Mphwanga anayankha, mawu atatsika. "Mawu okha sakwanira, malume. Ngakhale titalemba bwino chotani, akafuna kungoona alibe poonera. Chidacho chiyenera kugawidwa pawiri, china chongoyang'ana, china cholemba dzina. Imeneyo ndi mbali yathu."

Ndinali ndisanaganizepo kuti chida chingagawidwe, ine maso anga anali pa mawu basi. Masana onsewo tinathera pa tebulo, iye akugawa chida pa laputopu, ine ndikuyesa mawu papepala. Pa choyamba tinalemba kuti chimangoonetsa masiku amene ali ndi mpata, sichisintha kanthu kalikonse. Pa chachiwiri tinalemba kuti chimalemba dzina ndi kutuma anthu ndi ngolo, choncho chisatoledwe pokhapokha munthu atanena yekha kuti akufuna makina, mthandizi n'kumubwerezera tsiku, iye n'kuvomera. Tinayesa ndi mafunso okhotakhota onse amene ndinawamva pansi pa mitengo ija, ndipo mkazi wanga anaponyapo ake. Poyamba mthandizi anasanduka wamantha, kumafunsa mobwereza munthu woti wavomera kale. Tinachepetsa mawu ochenjeza, zinakhala bwino.

Atatseka laputopu mphwanga anati, "Ndikufuna ndikawaone achikulirewo."

Tinapita Lolemba. Mphwanga anagula shuga ndi masamba a tiyi pa Mponela, ndipo pa boma la Ntchisi mlangizi anamupezera kabaza. Tinawapeza achikulire akusoka matumba pakhonde. Mphwanga anali atamanga chitenje pamwamba pa jinzi yake, ndipo anagwada chapatali pang'ono monga anaphunzitsidwira kwawo.

"Agogo, amene ndinalemba mawu amene anakubweretserani ngolo ndine. Ndabwera kudzapepesa."

Achikulire anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe uli m'fonimu?"

"Ayi, agogo. Ine ndimangomulembera zoti awerenge."

"Ooh, ndiye ali ndi makolo," anatero, n'kuseka koyamba chiwadziwire ine. "Dzuka, mwana wanga. Chimanga chili m'nyumba, chiswe sichinalawe. Zinandiwawa tsiku lomwelo basi."

Anatenthetsa madzi okha, kukana kuti mphwanga awathandize, ndipo ankatithirira tiyi mobwereza ife tikukana. Anafunsa za ku Lilongwe, ngati nyumba za lendi zili ndi malo odzala masamba, ngati mphwanga amapemphera kumeneko. Kucheza kutakoma anatulutsa foni m'thumba la malaya.

"Popeza kholo lake labwera, ndidandaule china. Mnzangayu sadziwa kuyankha moni. Ine m'mawa ndimati, kwacha bwanji kumeneko? Iye amandiuza kuti lero kukhala dzuwa, mphepo ichokera kum'mawa. Ogasiti uno ndani sadziwa kuti kukhala dzuwa?"

Mphwanga anayang'ana ine, ine ndinayang'ana iye. Mawu akuti kwacha ndi amene ankamukokera mthandizi ku chida cha nyengo. Pa zida zonse tinalemba nthawi yotola ichi ndi nthawi yotola icho, koma panalibe pamene tinalemba kuti nthawi zina asatole chilichonse, angoyankha ngati munthu amene wapatsidwa moni.

"Mumamupatsa moni tsiku lililonse, agogo?" anafunsa mphwanga.

"Nanga ndipatse yani? Nkhuku?"

Ananena moseka, koma palibe amene anaseka nawo.

Pobwerera, tikudikira minibasi kuti idzaze, mphwanga analemba mzere watsopanowo pa foni yake n'kundipatsa kuti ndione. Ndinachotsapo mawu ena osafunika, n'kumubwezera. Kenako anati mzerewo ndi wosavuta, koma sakudziwa ngati n'zabwino kuti mkulu uja azicheza ndi foni m'malo mwa anthu. Ndinati nanenso sindikudziwa. Tinamuuza mlangizi, amene anangogwedeza mutu. Mwezi wotsatira ndinapeza kuti kalabu yasamutsa misonkhano yake. Mlangizi anati mtengo wakale uja wayamba kugwetsa nthambi, pamene pabwalo la achikulire pali mthunzi wabwino wa mango. Amayi ankadandaula ndi chitunda, koma ankakwera ndithu, ndipo achikulire ankasesa bwalo lonse anthu asanafike.

Ntchito yanga inatha mvula yoyamba itagwa. Kampani inati mawu a zida akhazikika, zotsala aziyesa okha ndi makompyuta. Ngati zinalidi choncho sindikudziwa. M'sabata yanga yomaliza ndinapezabe funso la mayi wina wa ku Msakambewa, la mbuzi yotupa mimba, limene mthandizi anakafufuza m'mabuku m'malo motumiza uthenga kwa mlangizi, chifukwa mayiyo sananene kuti yadwala, anangoti yakhuta modabwitsa. Ndinalitumiza ku Lilongwe pamodzi ndi foni yapadera ija, ndipo mphwanga anandilonjeza kuti alikonza.

Sabata yomweyo ndinapita ku Msakambewa kukathandiza mlongo wanga kudzala. Munda wake uli pamtsetse, moyang'anizana ndi mapiri a Ntchisi, amene tsiku limenelo anali atayamba kubiriwira mwa apo ndi apo. Iye ankatsogola ndi khasu, ine pambuyo ndi mbewu m'kachitini. Anandifunsa ngati mwana wake amadya mokwanira ku Lilongweko, ndipo ndinati pomaliza kumuona ankaoneka bwino. Tinadzala mpaka mitambo inayamba kuda chakum'mawa, ndipo tinafika kunyumba madontho oyamba akugunda malata.